Phazi la Tomasi

Malita mwana wanga,

Iwe uli kumsika kokalukitsa tsitsi, ine ndakhala pansi pa nimu ndi kope lako lakale la masamu, ndathothola mapepala apakati. Dzuwa la kuno ukulidziwa, thukuta likudonthera papepala, ndiye ukapeza pena pafufutika usadabwe. Ndimafuna ndikuuze pamaso, koma kuyambira Lamulungu pakamwa panga pakulemera. Ine amene anzanga ogulitsa nsomba pa Nchalo amanditcha wailesi! Ndiye werenga, ndipo uwerenge mawa minibasi ikangonyamuka, usadikire kukafika ku Lilongwe. Nkhani yake ndi ya bambo ako. Ndakulera zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikukuuza kuti iwowo anapha mchimwene wako Tomasi, amene anamwalira iwe uli m'mimba. Sanamuphe, Malita. Sindikufuna uchoke m'chigwa muno utasenza chidani chimene ndinakumwetsa ndine.

Ndiyambe ndi kupusa kwanga kwaposachedwa. Tsiku lija dzina lako linatuluka kuti wasankhidwa kupita ku yunivesite, ndinavina mpaka chitenje chinagwa. Kenako ndinakufunsa kuti ukaphunzira chiyani, unamwino kapena zamalamulo, iwe n'kuti za banja, zakudya ndi kakulidwe ka ana. Ndinati, “Iwe Malita, nzeru zonse zija ukathere kuphunzira kuphika? Mpaka ku Lilongwe? Nanga ine kuno ndimakudyetsa mchenga?” Unayesa kundiwerengera pafoni paja kuti mukaphunziranso kasungidwe ka chakudya, nsalu ndi zovala, kayendetsedwe ka pakhomo, ndi kuteteza ogula kuti asamapusitsidwe pamsika, ine n'kumakudula pakamwa kuti zonsezo ndinaziphunzira kuchinamwali popanda kuvala gauni. Anzanga akandifunsa ndinkanama kuti ukachita zachipatala. Ndinachita nawe manyazi, mwana wanga. Kumene ukupitako ukapeza ena apakamwa ngati ine, anyamata ophunzira zamakina aja, adzakutcha wa kukhitchini. Usadzawayankhe n'komwe, ndipo usadzasinthe maphunziro chifukwa cha iwo. Wamva?

Kupusa kwachiwiri unakuona ndi maso ako. Miyezi imene unkadikira sukuluyi unkathandiza alangizi a zaumoyo kusikelo ya ana, ine n'kumati ukungotha nsapato. Ndiye mwana wa Esinta, mnansi wathu wakuseri kwa khola, anayamba kutupa. Yamikani uja, wa chaka ndi miyezi. Mapazi otupa, masaya otupa, tsitsi lofiira lomangothothoka, osalira n'komwe, kungokhala duu pamphasa. Ine nditangomuona ndinati tsempho. Sindinanong'one ayi, ndinanena pamjigo anthu ali mbwee, kuti mwamuna wa Esinta akamati ali kodula nzimbe amakhala akuyenda ndi akazi, wabwera ndi moto m'nyumba, wamusempha mwana. Esinta anali atayamba kale kulongedza zovala za mwamuna wake m'thumba la feteleza. Iwe unabwera n'kugwada, n'kutenga kaphazi ka mwanayo, n'kudina pamwamba pake ndi chala chachikulu, n'kuwerenga mpaka katatu. Utachotsa chala panatsala kadzenje, osabwerera. Unachitanso phazi linalo, chimodzimodzi. Unati, “Amayi, apa palibe tsempho. Mwanayu m'mimba mumadzaza koma thupi silikudya. Phala la ufa woyera lokhalokha limatero.” Ndinakukalipira kuti wayamba liti kuphunzitsa akulu, koma iwe unangomubereka mwanayo ulendo wa kuchipatala, Esinta akukutsata pambuyo akulira.

Chimene sunaone ndi ichi. Mutangonyamuka, ndinalowa m'nyumba n'kukhala pathumba la mapira. Kadzenje kameneko ndimakadziwa, Malita. Ndinkakachita ndekha paphazi la Tomasi tsiku ndi tsiku pomusambitsa, n'kumawaonetsa amayi anga kuti taonani, tsempho latsikira mpaka kumapazi. Koma ndinadzilimbitsa mtima. Mulungu andikhululukire, ndinati mumtimamu tidikire, mwana wa Esinta akabwerako atakulungidwa m'mphasa, mtsikanayu adziwa kuti akulu sanama. Tamva zimenezo! Mayi wamkulu, wovala yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, kudikira maliro a mwana wa mnzake kuti iye akhale wolondola. Kusukuluko adzakuuzani zambiri zotsutsana ndi zimene ndinakuphunzitsa ine, ndipo tsiku lina zidzatsutsanso zimene iwe mwini udzakhale ukukhulupirira. Zikadzatero usadzaume khosi monga ndinachitira ine, udzapite kukaona ndi maso.

Lamulungu lapitali unali kutsogolo ndi kwaya, sunandione. Tili pakati pa nyimbo ndinamva kanthu kakundigwira chitenje. Kuyang'ana pansi, Yamikani! Wayima ndi miyendo yake, kukamwa kuli chiponde cha kuchipatala chija, tsitsi lakuda layamba kumera, akundisekerera. Bambo ake aja ndinawanyoza pamjigo anabwera kudzamunyamula n'kundipatsa moni mwaulemu, ngati sindinawanenepo kanthu. Nyimbo inandithawa pakamwa. Ndinawerama n'kugwira kaphazi kaja, n'kudina monga unachitira iwe, mnofu n'kubwerera pomwepo. Mayo ine! Mwanayu palibe anaulula tchimo chifukwa cha iye, palibe anamufukiza mankhwala, anangomwa mkaka wa kuchipatala n'kudya. Ndinatuluka ulaliki usanayambe, ndipo pamene unandifunsa masana ndinati ndi mutu.

Tsopano imva mmene Tomasi anafera, chifukwa sindinakuuzepo. Anali ndi chaka ndi miyezi iwiri pamene ndinazindikira kuti ndili ndi pakati pa iwe. Amayi anga ndi azakhali anati mkaka wa munthu wapakati ndi woipa, umadwalitsa mwana, umuletse lero lomwe. Tsiku lomwelo ndinapaka tsabola kumawere. Mwana amene m'mawa anayamwa, madzulo anakumana ndi moto. Kuyambira pamenepo linali phala, m'mawa phala, masana phala, lamadzimadzi, la ufa wokonola woyera mbee, chifukwa ndinkanyada kuti mwana wanga sadya mgaiwa ngati wa amphawi. Ndipo usaganize kuti kunali njala. Chikanakhala chilala bwenzi ndili ndi ponamizira. M'nyumba monse munkanunkha mlamba wowamba, ndinkapita nawo kumsika madengu awiri. Nandolo analipo, khobwe analipo, chitowe chinalipo, nkhuku zikuikira paliponse mpaka m'dengu la zovala. Koma nsomba tinkati ili ndi minga, komanso ndi malonda, ndipo mazira tinkati mwana wodya mazira amakula ndi dzanja lalitali. Mwana wanga anafa ndi njala m'nyumba yodzaza chakudya, ine ndikugulitsa ndiwo kwa ana a eni. Ndiye akadzakuphunzitsani kusinja nsomba zouma kuti muzithira m'phala, usadzati izi ndi zazing'ono. Ulembe, ndipo ulembe bwinobwino. Ndati ulembe, Malita.

Kusikelo ndinapitako kamodzi atayamba kufooka. Mayi wina wa yunifolomu ya chipatala anayang'ana khadi, n'kuyang'ana mimba yanga, n'kunena mokweza pamaso pa amayi onse, “Inu mayi, winayu sanalimbe n'komwe mwatenganso ina? Mumamudyetsa chiyani mwanayu, mphepo?” Anthu anaseka. Mwina pambuyo pake ananena zothandiza, sindikudziwa, makutu anga anali atatseka ndi manyazi. Ndinabereka mwana wanga n'kutuluka, ndipo sindinapondekonso. Sindikumuikira mlandu mayi uja, mlandu ndi wanga. Koma ndikanakumana ndi munthu wogwada pansi monga unagwadira iwe kwa Esinta, kaya, mwina bwenzi mawa akukuperekeza ndi mchimwene wako. Zaka zinayi ndi zambiri, udzabwerako ndi Chingerezi chodzaza m'kamwa ndi nsapato zogogoda. Usadzaiwale kugwada. Mayi wakumudzi ukamuchititsa manyazi pagulu samakutsutsa, amangoti zikomo, n'kupita osabweranso. Ndikudziwa chifukwa mayi ameneyo ndine. Aphunzitsi akowo akapanda kukuphunzitsani kalankhulidwe kake, uwafunse.

Ndafika pa bambo ako, a Zuze. Iwe umangowadziwa ngati munthu uja wokonza njinga pa Dyeratu amene ndinakuuza kuti ukamuona uziyang'ana kumbali. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo iwo anabwera kudzakhala chikamwini kwathu kuno kwa Lundu abale awo akuwaseka kuti Msena weniweni amalowola, sakhala pamudzi pa mkazi. Nthawi imeneyo ankapita kudambo kukagula nsomba kwa asodzi, n'kumakhalako sabata kapena awiri. Tomasi atatupa, amayi anga anati nkhani ndi yomweyo, kudambo kuja kuli akazi. Tinawakhazika bambo ako pakhonde, ankhoswe ali pomwepo, kuti avomere, chifukwa mwambo wake mankhwala a tsempho sagwira mwamuna asanaulule. Anakana kwa mtuwagalu. Anati, “Ndivomere chiyani, amake Tomasi? Sindinayende ndi munthu ine. Tiyeni naye kuchipatala mwanayu.” Masiku atatu tikuwapanikiza. Azakhali anafika powanong'oneza kuti ingovomerani ngakhale simunachite, mankhwala agwire, iwo n'kuti bodza silichiza mwana. Ine ndinaona ngati akusankha ulemu wawo m'malo mwa moyo wa Tomasi.

Tsiku lachinayi m'mawa ndinawapeza atamubereka Tomasi ndi chitenje changa, akutulutsa njinga mwakachetechete. Ndinakuwa ngati ndaona mbava. Ndinagwira kaliyala wa njinga, amayi anga n'kumasula chitenje, tinamulanda mwana kumsana kwa bambo ake. Ndinati jakisoni akakumana ndi tsempho mwana amafera pomwepo, mukufuna mukamumalizire kumeneko. Anakhala pansi pafumbi, munthu wamkulu, n'kulira mokweza. Ine ndinati ndi misozi ya wolakwa. Patapita sabata Tomasi anatisiya. Manja amene ndikulembera kalatayi ndi omwewo anagwira kaliyala uja, ndipo kuyambira Lamulungu ndikumawayang'ana ngati ndi a munthu wina.

Titachoka kumanda sindinadikire n'komwe tsiku lometa. Ndinawasudzula, zovala zawo n'kuziponya pabwalo anthu a pamaliro akuona. Iwe unabadwa patapita miyezi itatu. Anabwera kudzakuona, ine n'kuwathira madzi otsukira nsomba. Utayamba sitandade wanu anakutumizira nsapato, ndinaziponya m'chimbudzi iwe ukuona, ndipo ndinakuuza kuti za munthu wopha ana sitivala. Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ukanatsutsa chiyani? Ukadzakwatiwa, kapena ukadzakhala ndi anthu pansi pako kuntchito, ukumbukire kuti munthu akamakana, nthawi zina n'chifukwa choti sanachitedi. Mudzi wonse unagwirizana nane, ndipo mudzi wonse unalakwa. Kuchuluka kwa okuvomera kusadzakupusitse, wamva mwanawe?

Ndisaiwale zazing'ono, poti ndine mayi ako ndithu ngakhale ndili chonchi. Ku Lilongwe kumazizira, si kuno kumene timagona panja, ndiye juzi ndakuikira pamwamba penipeni m'chikwama. Akuti m'kalasi imodzi mumakhala anthu odzaza ngati pamsonkhano, ukhale kutsogolo ndipo usaope kukweza dzanja, safunsa anadya phula. Uzidya, usamangomwa tiyi kuti uoneke bwino, munthu wophunzira zakudya n'kumakomoka ndi njala anthu angakuseke. Za anyamata ndinakuuza kale kambirimbiri, ndipo lero ndilibe nkhope yolangizira munthu za amuna. Mlamba ndakumangira m'nyuzipepala, anzako akamati ukununkha uwagawire, asiya okha.

Dzulo Lolemba ndinakuuza kuti ndapita kumsika. Ndinanama, ndinakwera minibasi mpaka pa Dyeratu. Ndinawapeza pansi pa mtengo wawo, gudumu la njinga lili pakati pa mawondo, mutu wonse wayera. Ndinayima kutsidya kwa msewu nthawi yaitali mpaka a kabaza anayamba kundifunsa kuti mayi mukupita kuti. Nditawoloka bambo ako anadzutsa mutu, sipanala n'kugwa m'manja. Anati, “Amake Tomasi, kwagwanji? Mwana ali bwino?” Palibe amene wandiitanapo dzina limenelo zaka zonsezi. Ndinagwada pafumbi pomwepo, pamaso pa ogulitsa mandasi ndi onse, n'kuwafotokozera za Yamikani, za chala chako, za phala. Ndinati, “Bambo a Malita, sizinali tsempho. Ndinakupachikani mlandu wabodza.” Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndinali wokonzeka. Anatola sipanala yawo, n'kumanga sipoko imodzi, n'kumanga ina. Kenako anati, “Ndimadziwa.”

Malita, mutu wanga unayima. Ndinati mumadziwa chiyani? Anati maliro atangotha, nditawathamangitsa, mtima sunawakhale pansi, ndiye anapalasa njinga okha mpaka kuchipatala kukafunsa. Anafotokoza mmene mwana anaonekera, ndipo bambo wina wa kumeneko anawalowetsa m'chipinda cha ana otupa n'kuwaonetsa, awa abwera dzulo, awa sabata yatha, awa akutuluka mawa. Anati, “Ndinabwerako ndikupalasa ngati wamisala kuti ndidzakuuzeni. Ndinakupezani pakhonde, mimba ili apo, maso ali gwa. Azakhali anu anandikumana panjira n'kundiuza kuti simunadye masiku anayi, ndipo akukubisirani zingwe ndi mankhwala a thonje. Ndinati ndikawauza mayiwa kuti ndi phala lawo, ndiika m'manda anthu ena awiri. Mutandiona munadzuka n'kuyamba kunditukwana, ndipo madzulo ake ndinamva kuti mwadya. Ndiye ndinati bola azidana nane, koma abereke.”

Ndinati, “Nanga pambuyo pake? Zaka zonsezi?” Anaseka pang'ono, osati monyoza ayi. Anati, “Mukanandimvera ine? Komanso mwanayo anali atatsala ndi inu nokha. Bambo analibe kale, ndiye ndimulandenso mayi?” Kalanga ine! Ine ndimayenda m'mudzi muno mutu uli m'mwamba ngati mayi wolimba amene analera mwana yekha, osadziwa kuti ndili moyo chifukwa munthu amene ndinamuthira madzi a nsomba anatseka pakamwa. Ndipo iwe wemwe, Malita, unabadwa chifukwa cha kukhala chete kumeneko. Sanakwatirenso mwamsanga, poti mbiri inawatsogolera paliponse kuti ndi uja anasempha mwana. Ndinawapepesa, koma pepani wanga ndinamumva ndekha kuti wachepa.

Ndinawauza kuti ukudutsa Lachitatu m'mawa kupita ku yunivesite. Anati anamva kale kwa anthu, ndipo tsiku limenelo anagulira a kabaza onse mandasi. Anafunsa kuti ukaphunzira chiyani, ndipo ulendo uno sindinaname, ndinati za banja, zakudya ndi kakulidwe ka ana. Anapukuta manja ndi kansanza nthawi yaitali ngakhale girisi anali atachoka kale. Anati, “Ameneyo akadzabereka mwana wodwala kumsana, palibe adzamulande.”

Sindikukulamula, ndalamula zokwanira pa moyo wako. Ukandikwiyira ukhoza, ndipo ukafuna kukhala miyezi osandiimbira foni ndidzamvetsa. Koma ndikukupempha, minibasi ikafika pa Dyeratu utsike. Zopita ku Blantyre ndi zambiri, basi ya ku Lilongwe ukaipeza. Iwo sanapemphe kuti utsike, anati usamukakamize mwana, ndingoyima m'mbali mwa msewu, ndikaona minibasi yake ikudutsa zikwanira.

Nditatsanzika ananditsatira mapazi angapo n'kundifunsa chinthu chimodzi chokha, mwamanyazi ngati mlendo. Anati, “Kodi Chisena amamva? Mwina akatsika ndingamupatse moni wa kwathu.” Ndinati sindikudziwa. Ndinanamanso, Malita. Ndikudziwa kuti sumva, ndinakuletsa ndine, ndinkakumenya pakamwa ukabwera ndi liwu limodzi lochokera kwa anzako kusukulu. Ndiye akakupatsa moni umene suumva usachite mantha. Ukangoti, “Takhuta, baba.” Kumeneko ndi kunena kuti zikomo bambo, basi. Zotsalazo akakuphunzitsa okha, ukawalola.

Ndine mayi ako,
NaPhiri